Waranti ya Galimoto: Werengani Musanasaine

Ambiri akamva wogulitsa galimoto akunena kuti ili ndi waranti, mtima umakhala pansi. Amaganiza kuti chilichonse chikawonongeka adzawakonzera ulere. Kunena zoona, waranti ndi lonjezo lokhala ndi malire, ndipo malirewo amalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono zimene anthu ambiri saziwerenga.

Waranti imateteza ku zolakwika za kufakitale, monga injini kapena giyabokosi imene inapangidwa molakwika. Imayezedwa ndi nthawi komanso mtunda. Ikalembedwa kuti zaka 3 kapena makilomita 100,000, imatha pamene chimodzi mwa ziwirizi chayamba kukwana. Woyenda tsiku lililonse la ntchito pakati pa Zomba ndi Blantyre pa msewu wa M3 angathe kumaliza makilomitawo zaka zitatu zisanakwane.

Zinthu zimene zimatha ndi ntchito kawirikawiri sizilowamo: mabuleki, kalachi, matayala, mababu ndi mafyuluta. Kwa anthu a ku Zomba nkhaniyi ndi yaikulu. Msewu wokwera kuphiri kulowera ku Ku Chawe ndi wotsetsereka ndiponso wokhotakhota. Dalaivala amene amatsika ataponderera buleki njira yonse, m'malo mogwiritsa giya yotsika, amapsereza mabuleki, ndipo ndalama yokonzera imatuluka m'thumba mwake.

Ngozi, kuba ndi madzi osefukira si za waranti, ndi za inshulansi. Galimoto yomizidwa ndi madzi, monga zinachitikira pa namondwe Freddy mu Marichi 2023, imadalira inshulansi ya comprehensive, ndipo nayonso muyenera kuona ngati madzi analembedwamo. Inshulansi ya third party, imene lamulo limafuna, imalipira anthu ena amene mwawaonongera, osati galimoto yanu.

Waranti ingathenso kufa nthawi isanakwane. Kudumphitsa sevisi, kukonzetsa kwa makaniko wosavomerezeka, kuika zipangizo zachinyengo, kunyamula katundu wopyola muyeso, kapena kusandutsa galimoto ya pakhomo kukhala takisi, zonsezi zingapatse wogulitsa chifukwa chokanira. Amene amabwereketsa galimoto pa maulendo a achinyamata ndi misonkhano ya misasa akumbukire za kulemera kwa katundu.

Magalimoto ambiri m'Malawi muno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera ku Japan kudzera pa madoko a Dar es Salaam ndi Durban. Waranti ya kufakitale imakhala itatha kale, kapena siigwira ntchito kunja kwa dziko limene galimotoyo inagulitsidwa koyamba. Wogulitsa akakulonjezani miyezi ingapo, funsani kuti ndi ziwalo ziti, ndani adzalipire makaniko, ndipo galimoto idzakonzedwera kuti. Mayankho onse alembedwe ndi kusainidwa. Lonjezo la pakamwa ndi lovuta kuliikira umboni.

Sungani malisiti ndi buku la sevisi. Mukaona kuti mwanamizidwa, mungathe kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loona za ufulu wa ogula.

Ife timaphunzitsidwa kuti ndife akapitawo a chuma chimene Mulungu watipatsa. Pa Luka 14:28 Yesu anaphunzitsa za kuwerengera mtengo munthu asanayambe kumanga. Kwa wophunzira amene akulota galimoto yake yoyamba, kapena mkulu wa mpingo amene akugulira mpingo minibasi, kuwerengerako kumayamba ndi kukhala pansi n'kuwerenga pepala lonse, tsamba lomaliza lomwe.