Gulosi wavuta pa Zomba: matabwa a makedzana akumira mu penti

Mukaona tebulo lonyezimira ngati galimoto ya nduna pamsika wa Zomba, amayi, musathamangire kumasula mfundo ya chitenje. Pansi pa penti ameneyo pakhoza kukhala thabwa lomwe lero simungalipeze ngakhale mutasenza ndalama m'thumba la feteleza. Pakhozanso kukhala utuchi ndi guluu basi. Zonse ziwiri zimawala chimodzimodzi.

Geni yogula mipando yakutha, kuipaka penti wa gulosi n'kuigulitsanso yagwira moto m'tauni muno. Ndayenda ku Chinamwali, Matawale, Chikanda ndi Mpondabwino, ndipo paliponse pamene pali mthunzi wa mango mupezapo mnyamata ali ndi burashi m'manja, chitini cha penti pambali, kabati atagoneka chagada. Chifukwa chake n'chodziwika. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu watsopano wa m'sitolo adathawa anthu wamba. Ongokwatirana kumene, aphunzitsi ongolembedwa ntchito, ophunzira a ku Chanco ochita lendi ku Chikanda, onsewa akufuna pokhala ndi pogona pa mtengo wofikirika. Wapenti wangoona mpata, ndipo sitingamunene.

Nanga n'chifukwa chiyani zakale zachuluka pa Zomba pano kuposa kwina? Anzanga obadwa dzulodzuloli mwina sadziwa kuti tauni ino idali likulu la dziko kuyambira nthawi ya Harry Johnston mu 1891 mpaka 1975 pomwe Kamuzu adasamutsira likulu ku Lilongwe. Nyumba ya Malamulo idatsalabe kuno mpaka 1994. Zaka zonsezo m'nyumba za m'mphepete mwa phirimu munkakhala mabwana a boma, azungu poyamba, kenako akuda anzathu, ndipo nyumba iliyonse inkafunika matebulo, mawadirobu, mashelefu ndi mabedi. Onjezanipo maofesi, asilikali a ku Cobbe Barracks, ndi Chancellor College yomwe idasamukira kuno mu 1973. Bwana akamapita kwawo ankasiyira khukhi mpando, wina ankagulitsa pa okishoni. Katunduyo adalowa m'makomboni ndi m'midzi ya kufupi, ndipo ndi yemweyo akutuluka lero, mwendo umodzi wogwedera, pamwamba pali mabala a mapoto otentha.

Amisiri a nthawi imeneyo sankasewera ndi paini wosauma. Ankagwiritsa ntchito mlombwa, mbawa ndi mkungudza. Mlombwa ndi uja ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi, thabwa lake lili ndi mizere yokongola ndipo silipindika wamba. Mbawa ndi wofiirira, azungu ankaukonda kwabasi. Mkungudza, wa kuphiri la Mulanje uja, chiswe chimaudutsa osaulawa, ndipo fungo lake limakhalabe m'kabati patatha zaka makumimakumi. Mtengo umenewu udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma anthu adaudula mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Mu 2019 udaikidwa pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zachilengedwe zomwe zikusowa. Mbawa ndi mlombwa zidatsatira mu 2022.

Kwerani msewu wa ku Ku Chawe mudzionere nokha zomwe zikutsika m'phiri masiku ano. Amayi osenza mitolo ya nkhuni, anyamata okankha njinga zodzaza matabwa a paini, ena mwa matabwawo akuchucha utomoni. Wadirobu ya mkungudza yomwe ili m'nyumba ya gogo wina ku Sadzi siidzapangidwanso. Ndiye munthu n'kuitenga, n'kuithira gulosi wobiriwira ngati chitseko cha golosale, koma abale!

Ndidacheza ndi madala ena, kalipentala wa kalekale yemwe ali ndi kashedi pafupi ndi mtsinje wa Likangala. Iwo adati penti alibe mlandu, mlandu uli ndi munthu wosayang'ana thabwa asanaviike burashi. Lamulo lawo ndi lapafupi: yamba wapala pang'ono kunsi kwa tebulo kapena m'kati mwa dirowa. Ukapeza loyera, lopepuka, la mfundo zambiri, ameneyo ndi paini, paka penti mmene ungafunire ndipo wamuthandiza. Ukapeza lofiirira, lolemera, kapena lonunkhira, ika chitini cha gulosi pansi, katenge sandipepa ndi vanishi.

Mnyamata wawo wophunzira ntchito adayesa kutsutsa. "Koma madala, makasitomala amafuna zowala. Ukawaonetsa thabwa lenileni amati ndi zachikale."

Mkuluyo sadakane. Adangomufunsa kuti kasitomala wake ndi uti. Apa mpomwe pali nkhani ya ndalama, inu anzanga a geni. Wogula gulosi ndi munthu wa bajeti yothina, adzanenerera mpaka thukuta, ndipo mtengo wake sungapitirire wa tebulo la paini latsopano la pamsewu. Koma alipo ogula ena: eni malo ogona alendo m'phirimu ndi m'tauni, aphunzitsi a ku yunivesite, anthu a ku Blantyre obwera Loweruka. Amenewa amafuna thabwa lioneke, ndipo akaona penti amatembenuka osafunsa n'komwe mtengo. Tebulo la mlombwa mukalipaka gulosi mwalitsitsa nokha kukhala la paini. Kuti mudzachotse pentiyo ndi ntchito ya masiku, ndipo wolowa m'timing'alu satuluka.

Ine mbali yanga ndi ya madalawa, ngakhale ndikudziwa kuti wogula wa vanishi sabwera tsiku lililonse pomwe lendi ya shedi sidikira. Koma wadirobu ya mkungudza si tomato, siola ikakhala mwezi.

Tsono pa zomwe zikuyeneradi penti, ntchito yabwino ili ndi njira yake, ndipo ambiri akuidumpha. Choyamba n'kutsuka mafuta ndi litsiro ndi sopo, thabwa liume. Kenako kulimbitsa miyendo ndi guluu, kutseka mabowo, kupala ndi sandipepa wokhakhala n'kumalizira wosalala. Pamenepo mpomwe pamabwera andakoti. Anyamata ambiri amati andakoti n'kuwononga ndalama, amathira gulosi pamwamba pa vanishi wakale, ndipo pakangotha miyezi iwiri penti amasupuka ngati khungu la njoka. Gulosi weniweni amafuna kupaka mopyapyala kawiri, ndipo pakati pake papite tsiku lathunthu. Pa Zomba pano m'miyezi ya June ndi July, nkhungu ikatsika m'phiri, tsiku limodzi silikwana. Ena amasungunula penti ndi parafini wambiri kuti chitini chikwane mipando isanu ndi umodzi. Zotsatira zake mlendo amakhala pampando, podzuka siketi yatsala pomwepo.

Pali china chomwe sindidamve wapenti ndi mmodzi yemwe akuchitchula, ndicho mtovu. Penti wambiri wamafuta wakale ankathiramo mtovu kuti aume msanga ndi kuwala, makamaka wachikasu ndi wofiira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu womwe ndi wabwino m'thupi la mwana: umawononga ubongo, mwana n'kumavutika m'kalasi popanda wodziwa chifukwa. Mlingo womwe mayiko akulimbikitsidwa kutsata ndi wosapitirira 90 ppm. Bungwe la Lead Exposure Elimination Project litayeza penti wogulitsidwa m'Malawi m'zaka za 2020 ndi 2021 lidapeza kuti wambiri wamafuta adapitirira mlingowo, ndipo a Malawi Bureau of Standards adayamba kukhwimitsa zinthu kwa opanga penti. Zitini zatsopano zasinthako, koma penti wakale yemwe ali pa mpando wakale sadapite kulikonse. Mukamupala wouma, fumbi lake limagwera pansi pomwe mwana akukwawa, pafupi ndi mayi wogulitsa zitumbuwa. Nyowetsani sandipepa popala, mangani kansalu pamphuno, sesani ndi madzi, ana akhale kutali, ndipo musawotche penti ndi moto. Bedi la mwana ndi tebulo lodyera zisaone penti wosadziwika kochokera. Funsani wa m'sitolo chitini cholembedwa kuti mulibe mtovu.

Kwa inu ogula, akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Gulosi amabisa thabwa lofumbwa, amabisanso chipibodi yomwe idamwa madzi, ndipo yotereyi ilipo yambiri chichokereni namondwe wa Freddy mu March 2023. Nyamulani mbali imodzi mumve kulemera. Gogodani ndi chala, lofumbwa limalira ngati ng'oma yobooka. Tulutsani dirowa muone m'makona: ngati matabwa alumana ngati zala za manja awiri, ameneyo adali mmisiri, ngati ndi misomali yokhayokha, nenererani kwambiri. Gwedezani, muyang'ane pansi ngati pagwa kaufa koyera. Kaufako ndiye kuti tizilombo tili m'kati, ndipo mukakalowetsa m'nyumba tidzasamukira ku denga lanu. Kanikizani chikhadabo pamalo obisika, chikasiya chidindo penti sadaume.

Tembenuzaninso mpandowo muone kunsi. Katundu wa boma, wa sukulu ndi wa tchalitchi nthawi zambiri amakhala ndi nambala kapena zilembo, ndipo pamalo pomwe penti wathiridwa mochindikala dala pamafunika funso. Wogulitsa akati adagula pa okishoni, achimwene, pemphani lisiti. Apolisi akabwera safunsa yemwe adapaka penti, amatenga yemwe wapezeka nawo mpandowo, ndipo ndende yaikulu ya Zomba ili pafupi pomwepa, simufunika minibasi.