Kodi maphunziro a kayamwitsidwe musanabereke ali ndi phindu?

Ngati muli ndi pakati poyamba ndipo kwanu ndi ku Nayuchi, ku Chikweo kapena ku Phimbi, mukudziwa kuti tsiku la sikelo limadya nthawi ndi ndalama. Mulawirire kusanache, mulipire kabaza, kumunda kugone, kenaka mukakhale pabenchi kumvera anamwino akufotokoza za kayamwitsidwe pomwe mwanayo sanabadwe n'komwe. Pobwerera wina pamudzi akusekani: “Kuyamwitsa amachita kuphunzira? Nanga mbuzi idalowa sukulu iti?”

Funsoli ndi lomveka. Yankho lake ndi loti maphunzirowa amathandiza, koma paokha sakwanira. Phindu lake limadalira zomwe mwaphunzira, munthu amene mwapita naye, komanso amene adzakhale nanu pafupi mwana akabadwa.

Vuto lili pati?

Pafupifupi mwana aliyense m'Malawi muno amayamwa. Chovuta ndi kuyamwitsa mwakathithi, kutanthauza bere lokha kwa miyezi 6, popanda madzi, phala, tiyi kapena mankhwala azitsamba, kupatula mankhwala amene achipatala alemba.

Kafukufuku wa zaumoyo yemwe ofesi ya National Statistical Office idachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 61 mwa 100 aliwonse osakwana miyezi 6 ndiwo ankayamwa mwakathithi. Mu 2010 adali ana 71 mwa 100 aliwonse. Chiwerengerochi chimatsika kwambiri mwana akamafika miyezi inayi kapena isanu, nthawi yomwe pabanja amayamba kunena kuti bere lokha silikumukhutitsa.

Mwana wopatsidwa madzi kapena phala msanga amadwala kawirikawiri matenda otsegula m'mimba ndi chibayo, omwe ali m'gulu la matenda amene amapha ana ambiri m'dziko muno.

Kafukufuku akuti chiyani?

Mu 2016 akatswiri a bungwe la Cochrane adaunika kafukufuku 24 wokhudza amayi oposa 10 000. Sadapeze umboni wokhutiritsa woti maphunziro operekedwa mayi asanabereke, paokha, amachulukitsa amayi oyamwitsa mwakathithi. Koma kafukufuku wambiri mwa ameneyu adachitika m'maiko olemera, osati kuno.

Umboni wa kwathu kuno udachokera ku Mchinji. Kumeneko ntchito ya MaiMwana idaphunzitsa amayi odzipereka kuti aziyendera anzawo pakhomo kasanu, kuyambira ali oyembekezera mpaka atabereka. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013, zidaonetsa kuti m'madera oyenderedwa amayi oyamwitsa mwakathithi adachuluka.

Kusiyana kwake n'koonekeratu. Kumva nkhani kamodzi pabenchi sikufanana ndi kuuzidwa lero, kenaka n'kudzaonetsedwa ndi manja mwana ali pamiyendo panu.

Zoyenera kudziwa tsiku lisanafike

N'chifukwa chiyani osangodikira mwana abadwe? Chifukwa zina zimachitika msanga kwambiri, inu muli otopa. Mmera m'poyamba.

Choyamba ndi ola loyamba. Bungwe la World Health Organisation limalangiza kuti mwana agonekedwe pachifuwa pa mayi, khungu kukhudza khungu, ndipo ayambe kuyamwa ola limodzi lisanathe. Mayi wodziwiratu amapempha yekha m'chipinda chochilira.

Chachiwiri ndi mkaka woyamba wachikasu uja. Ena amaufinyira pansi poganiza kuti ndi wakuda. Mkakawu ndi wodzaza ndi chitetezo cha m'thupi mwanu. Umatuluka pang'ono, koma kamimba ka mwana wa tsiku limodzi nakonso n'kakang'ono, kongokwana supuni imodzi kapena ziwiri za tiyi. Mkaka wochuluka umabwera pakapita masiku awiri mpaka anayi. Mayi amene sadamvepo izi amada nkhawa tsiku lachiwiri, ndipo apa ndi pomwe madzi a shuga amalowera.

Chachitatu ndi kagwiridwe ka bere. Mwana ayasamule kwambiri, mlomo wam'munsi upindikire kunja, chibwano chikhudze bere, ndipo mbali yakuda ya bere ioneke yambiri pamwamba pa kamwa kuposa pansi. Akamayamwa nsonga yokha, nsongayo imang'ambika, inu mumamva ululu, iye sakhuta.

Chachinayi ndi momwe mkaka umapangikira. Bere limapanga mkaka molingana ndi momwe mwana akuyamwira. Khanda liyamwe nthawi iliyonse likafuna, kosachepera kasanu ndi katatu usana ndi usiku. Mukampatsa phala amayamwa pang'ono, mkaka umachepa, ndipo mumaona ngati mantha anu aja adali oona. Chizindikiro choti akukhuta si kusalira ayi, koma kukodza kasanu ndi kamodzi kapena kuposa patsiku ikatha sabata yoyamba, komanso kukwera sikelo.

Chachisanu ndi madzi. Mu Okutobala ku Balaka, ku Utale ndi ku Liwonde kumatentha moti munthu wamkulu sayenda opanda botolo, ndiye kumana khanda madzi kumaoneka ngati nkhanza. Koma mkaka wa m'mawere, magawo oposa 80 mwa 100 ndi madzi. Kukatentha, muyamwitseni pafupipafupi, madziwo mumwe ndinu.

Ngati muli ndi kachilombo ka HIV, kukambirana msanga n'kofunika kwambiri. Kuyambira mu 2011, mayi woyembekezera aliyense wopezeka ndi kachilomboka m'dziko muno amayamba ma ARV a moyo wonse. Kumwa mankhwalawa mwandondomeko kumachepetsa kwambiri chiopsezo chopatsira mwana, pomwe kusakaniza bere ndi zakudya zina miyezi 6 isanakwane kumachikweza.

Musapite nokha

M'midzi yambiri ya ku Machinga ndi ku Balaka banja limakhala kuchikazi. Mukatuluka m'chipatala, amene adzasambitse mwana ndi kunena kuti akulira njala ndi amayi anu, agogo kapena azakhali. Ngati inu mudamva za miyezi 6 koma iwo sadamve, mudzatsutsana nawo bwanji usiku mwana akulira?

Kulangiza mayi wa mimba yoyamba si chinthu chobwera ndi chipatala. Ayao ali ndi litiwo, Achewa ali ndi chisamba, miyambo yomwe akuluakulu amalangiza mtsikana za pakati ndi kulera. Akuluakuluwa mawu awo amamveka pamudzi. N'chifukwa chake ndi bwino kuti munthu amene adzakudikirireni kuchipatala apite nanu kusikelo ngakhale kamodzi, amve yekha kuchokera kwa anamwino ndipo afunse mafunso ake.

Nanunso abambo nkhaniyi ikukukhudzani. Bere mulibe, koma mkazi amene akutunga madzi, kutola nkhuni, kuphika ndi kulima sangakhale pansi kuyamwitsa kakhumi patsiku. Ntchitozo zigaweni mwana asanabadwe. Ndipo mwana akalira, musathamangire kugolosale kukagula mkaka wam'chitini musanafunse achipatala.

Momwe mungapindulire

M'zipatala za boma, kuyambira chachikulu cha Machinga ku Liwonde, cha Balaka paboma, mpaka zazing'ono monga cha Ntaja, uphunguwu ndi waulere ndipo umaperekedwa pa tsiku lomwelo la sikelo. Malangizo a masiku ano ndi oti mayi aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu asanabereke, kuyambira miyezi itatu yoyambirira, choncho mpata wofunsa ulipo.

Tsiku la sikelo anthu amachuluka ndipo anamwino amachepa, kotero nkhani ya pagulu imakhala yachidule. Mukalowa m'chipinda choyezera, funsani panokha. Pemphani akuonetseni kanyamulidwe ka mwana, ngakhale ndi chitenje chokulunga. Ngati muli pasukulu, pantchito kapena mumachita geni pamsika, pemphani akuphunzitseni kufinya mkaka ndi manja ndi kumwetsa mwana ndi kapu yoyera. Safunsa adadya phula.

Musanachoke, dziwani amene mudzamufunse mukabereka: mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena mayi wotsogolera gulu la kadyedwe koyenera m'mudzi mwanu. Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chidayambira ku Balaka komweko mu 2011, komwe mumalankhula ndi azaumoyo pafoni mwaulere.

Mukabereka, musaphonye masiku omwe akuuzani kuti mubwerenso. Koma mwana akakana kuyamwa, akafooka, akatentha thupi kapena akaoneka wachikasu, kapena bere lanu likatupa n'kumapweteka inu mukumva malungo, musadikire tsiku lolembedwa m'buku. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.