Zining'a ndi aneni ophatikiza a m'Chingerezi

Zining'a za Chingerezi, zomwe eni chiyankhulo amazitcha *idioms*, ndi magulu a mawu omwe tanthauzo lake silipezeka pomasulira liwu lililonse palokha. Aneni ophatikiza, kapena kuti *phrasal verbs*, ndi aneni omwe amayenda ndi kaliwu kena monga *up*, *off*, *out*, *in* kapena *after*, ndipo awiriwo akaphatikizana amabala tanthauzo latsopano. Mwachitsanzo, *give* ndi kupatsa ndipo *up* ndi m'mwamba, koma *give up* ndi kugonja kapena kusiya chinthu. Mawu otere amamveka bwino munthu akawatenga ngati chinthu chimodzi, monga momwe Amalawi amamvera kuti kutsina khutu ndi kuchenjeza munthu mwamseri, osati kumupweteka khutu.

Chingerezi m'boma la Mulanje

Boma la Mulanje lili m'chigawo chakummwera kwa Malawi, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti muli anthu oposa 680,000. Pakhomo ndi pamsika anthu ambiri amayankhula Chichewa, ena Chilomwe ndi Chiyao. Chingerezi chinabwera ndi amishoni a ku Scotland komanso azungu olima khofi ndi tiyi. Mmodzi mwa iwo, Henry Brown, anabzala tiyi ku Thornwood m'chaka cha 1891. Mu 1968 dziko la Malawi linakhazikitsa Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo Chingerezi chinapitirira kukhala cha ntchito za boma.

Lero munthu wa ku Mulanje amakumana ndi Chingerezi kusukulu, kuchipatala, m'maofesi a paboma, m'maesiteti a tiyi monga a Lujeri ndi Eastern Produce, ndiponso ku Likhubula komwe operekeza alendo amayambira ulendo wokwera phiri. Kwa zaka zambiri ana akhala akuphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, kenaka n'kusinthira ku Chingerezi mu Sitandade 5. Pa mayeso a MSCE, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, wophunzira amayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi kuti alandire satifiketi.

Mmene aneni ophatikiza amagwirira ntchito

Zomwe Chingerezi chimachita powonjezera kaliwu kutsogolo kwa mneni, Chichewa chimachita m'kati mwa mneni mwenimwenimo. Timati vala ndi vula, tseka ndi tsekula, mata ndi matula. Mngerezi amati *put on* povala ndi *take off* povula, *turn on* poyatsa ndi *turn off* pozimitsa. Choncho kaliwu kakang'onoko ndi kamene kamanyamula kusiyana konse, ndipo kukasintha n'kusintha uthenga.

Mneni mmodzi akhoza kubala matanthauzo ambiri. *Look* ndi kuyang'ana, koma *look for* ndi kufunafuna, *look after* ndi kusamalira, *look into* ndi kufufuza nkhani, *look up to* ndi kulemekeza munthu, pomwe *look down on* ndi kumuderera.

Aneniwa ali m'magulu atatu. Ena amalola dzina kulowa pakati: tikhoza kunena *put on the hat* kapena *put the hat on*. Koma pakakhala mlowam'malo monga *it* kapena *them*, amakhala pakati basi: *put it on*, osati *put on it*. Ena salekanitsidwa, monga *look after the baby*. Ena ali ndi mawu atatu, monga *put up with*, kupirira, ndi *run out of*, kutha kwa chinthu chomwe munthu anali nacho.

Aneni ofala ndi matanthauzo ake

Kusukulu kumamveka awa:
- *hand in*: kupereka ntchito kwa aphunzitsi
- *go over*: kubwereza zomwe waphunzira
- *catch up*: kuwapeza anzako omwe anali patsogolo
- *drop out*: kusiyira sukulu panjira

Kuntchito, monga m'minda ndi m'mafakitale a tiyi:
- *turn up*: kufika pamalo pomwe ukuyembekezeredwa
- *knock off*: kuweruka
- *lay off*: kuimitsa antchito chifukwa ntchito yachepa
- *turn down*: kukana pempho

Pokwera phiri, makamaka kwa olowera ku nsonga ya Sapitwa yomwe ndi yotalika mamita 3,002:
- *set off*: kunyamuka
- *watch out*: kuchenjera
- *turn back*: kubwerera
- *put out*: kuzimitsa moto

Pali aneni ena ofanana maonekedwe omwe kuwasokoneza kumabweretsa mavuto enieni. *Pass out* ndi kukomoka, pomwe *pass away* ndi kumwalira. Woperekeza wodwala akasokoneza awiriwa akhoza kutumiza uthenga wa maliro kumudzi munthu ali moyo. Komanso *pass out* yemweyo amagwiritsidwa ntchito ponena za apolisi ndi asilikali omwe atsiriza maphunziro awo. *Put off* ndi kusunthira chinthu tsiku lina, koma *call off* ndi kuchilephereketsa. *Break down* ndi kuwonongeka kwa galimoto kapena makina, *break in* ndi kuthyola nyumba, ndipo *break out* ndi kubuka kwa moto, nkhondo kapena matenda monga kolera.

Zining'a zofala

Zining'a zambiri za Chingerezi zili ndi zinzake m'Chichewa, ngakhale chithunzi chake chimasiyana:
- *lose heart*: kutaya mtima
- *lose one's temper*: kupsa mtima
- *take someone for a ride*: kudyera munthu masuku pamutu
- *between a rock and a hard place*: kugwira njakata
- *call a spade a spade*: kuyankhula mosapsatira mawu
- *beat about the bush*: kuzungulirazungulira osanena mfundo
- *spill the beans*: kuulula chinsinsi
- *once in a blue moon*: mwa kamodzikamodzi

Tiyi, yemwe Mulanje imatchuka naye, analowanso m'zining'a za Angerezi chifukwa amamumwa kwambiri. *Not my cup of tea* ndi chinthu chomwe munthu sakondwera nacho, ndipo *a storm in a teacup* ndi mkangano waukulu pa nkhani yaing'ono. Chofanana nacho ndi *make a mountain out of a molehill*, kukuza nkhani yosanunkha kanthu.

Kufanana kwa tanthauzo sikutanthauza kufanana kwa ulemu. Kutsamira mkono ndi mawu aulemu onena za imfa, koma *kick the bucket*, ngakhale akutanthauza kufa, ndi mawu anthabwala osayenera kuwanena pamaliro kapena kwa anamfedwa. Oyenera pamenepo ndi *pass away*.

Kumene zinachokera

Chining'a chilichonse chimanyamula moyo wa kumene chinabadwira. Ku England kumazizira ndipo mvula imaonedwa ngati yosokoneza zochita. N'chifukwa chake *save for a rainy day* ndi kusunga ndalama za tsiku la mavuto, *snowed under* ndi kupanikizika ndi ntchito, ndipo *break the ice* ndi kuyambitsa macheza pakati pa anthu osadziwana. Kwa mlimi wa ku Chisitu kapena ku Muloza, yemwe amadikira mvula kuti abzale, tsiku la mvula si tsiku la mavuto, kotero chining'acho sichidzimasulira chokha. Zina zinachokera m'ntchito za panyanja, monga *all hands on deck*, kuitana aliyense kuti athandize. Zina zinachokera m'Baibulo, monga *wash one's hands of*, kukana kukhudzidwanso ndi nkhani, kuchokera pa zomwe Pilato anachita.

Aneni ophatikiza ambiri amachokera ku mizu yakale ya Chingerezi. Anthu a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, mawu ambiri a Chifalansa ndi Chilatini analowa m'chiyankhulochi. Zotsatira zake n'zakuti ganizo limodzi limakhala ndi mawu awiri: *put off* ndi *postpone*, *find out* ndi *discover*, *put up with* ndi *tolerate*. Oyambawo amamveka kwambiri pocheza, achiwiriwo m'makalata a ntchito ndi m'malipoti. Samuel Johnson anadandaulapo za kuvuta kwa aneniwa m'mawu otsogolera dikishonale yake ya 1755, ndipo dzina loti *phrasal verb* linafalitsidwa ndi Logan Pearsall Smith mu 1925.

Chingerezi cha ku Malawi

Chingerezi choyankhulidwa m'Malawi chili ndi kanenedwe kakekake, kena kochokera ku Chichewa. Munthu akamachoka pang'ono amati *I am coming*, potsata "ndikubwera", pomwe Mngerezi amati *I will be back*. Ambiri amati *borrow me* m'malo mwa *lend me*, chifukwa kubwereka kwa Chichewa kumagwira mbali zonse ziwiri. Amanenanso *I will pick you* posiya *up*, *cope up with* m'malo mwa *cope with*, ndi *discuss about* m'malo mwa *discuss*. Pakati pa Amalawi mawuwa amamveka bwinobwino, koma pa mayeso ndi m'makalata ofunsira ntchito amawerengedwa kuti ndi olakwika. Zining'a zina zayenda njira yobwerera: kupha mbalame ziwiri ndi mwala umodzi kunachokera ku Chingerezi, koma lero kumamveka m'Chichewa cha pawailesi ndi m'nyuzipepala.

Kaphunziridwe kake

Aphunzitsi amalangiza kuphunzira mawuwa m'ziganizo zathunthu kusiyana ndi kuloweza mndandanda, chifukwa mneni mmodzi monga *take off* amatanthauza kuvula chovala m'chiganizo china ndi kunyamuka kwa ndege m'chiganizo china. Zimathandiza kuwaika m'magulu potsata malo omwe amamvekera, kulemba chining'a cha Chichewa pambali pa chilichonse, ndi kuona ngati mawuwo ndi aulemu kapena apamacheza. Mawu a chining'a sasinthidwa mwachisawawa: *spill the beans* sichingakhale *pour the beans*, monganso sitinena kuti kudyera mango pamutu. Polemba chimangirizo, chining'a chimodzi choikidwa pamalo pake chimaposa zisanu zongounjika.