Gombe la Chilwa likasuntha, amaluza ndani?

Tikaima pamwamba pa phiri la Zomba kunja kutayera, timaiona nyanja ya Chilwa chakum'mawa, pamodzi ndi chilumba cha Chisi. Patali chonchi imaoneka yokhazikika, koma anthu a ku Kachulu amadziwa kuti gombe lake limayenda.

Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mvula ikavuta zaka zingapo motsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995. Mu 2018 mabwato anatsalanso pamatope. Namondwe Freddy atawomba mu Marichi 2023, madzi anabwerera mwamphamvu n'kumiza minda ndi nyumba za m'mphepete.

Akatswiri a ku University of Malawi anayamba kuyeza madzi ndi nsomba za nyanjayi m'zaka za m'ma 1960. Ofufuza za chikhalidwe cha anthu amafunsa funso lina, ndipo amalifunsa atakhala pansi ndi eni dera kwa miyezi: madzi akasuntha, amavutika kwambiri ndani? Joseph Nagoli, yemwe mu 2016 anamaliza kafukufuku wa mmene anthu a ku Chisi amapulumukira nyanja ikaphwa, ndi mmodzi mwa iwo.

Vutoli siligwera onse mofanana. Mwini bwato ndi makoka angasamukire ku Chiuta kapena ku Malombe. Wogwira ganyu yokoka khoka alibe chosamuka nacho, ndipo mayi wowamba matemba ndi milamba bizinesi yake imathera pomwepo. Nyanja ikabwerera m'mbuyo, pamatsala dothi lachonde lomwe anthu amadzalapo mpunga, kawirikawiri mongopatsidwa ndi mfumu. Madzi akadzalitenganso, palibe chikalata, palibenso wolipira chipukuta misozi.

Si kuno kokha. Ku Isle de Jean Charles, m'chigawo cha Louisiana ku America, nyanja yameza pafupifupi chilumba chonse kuyambira mu 1955, ndipo ngalande zomwe makampani a mafuta anakumba zinathandizira kukokoloka kwake. Komabe kumeneko boma linapereka madola 48 miliyoni mu 2016 kuti anthu asamuke.

Ife a kumtunda nkhaniyi ikutikhudza. Mtsinje wa Likangala umadutsa m'tauni ya Zomba, n'kutenga zonyansa zathu ndi dothi la m'mapiri omwe mitengo yake yathera ku makala, ndipo zonsezo zimakathera m'Chilwa. Asodzi ogona m'zimbowera, timisasa toyandama pa nyanjapo, amamwa madzi omwewo, ndipo kolera yakhala ikuwagwira mobwerezabwereza. Makalawo ambiri amayaka pa mbaula za m'tauni.