Kodi mwana wosamva bwino amazindikira bwanji mawu?

Achemwali anga ali ndi kamtsikana ka zaka 4. Ukakaitana uli pamaso pake kamabwera, koma ukaitanira kumbuyo, zii! Agogo ankati, "Kamwano aka, kamamva zokhazo zimene kakufuna." Kanakalipiridwa kangapo konse. Tsiku lina kuchipatala atakayeza makutu, anapeza kuti sikamva bwino. Ine funso linandigwira: ngati sikamva bwino, nanga nthawi zina kamatimva bwanji?

Tiyambire m'khutu. Mkati mwenimweni muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, dzina lake cochlea. M'menemo muli timaselo taticheya timene timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tina timamva mawu otsika ngati a ng'oma, tina mawu okwera ngati a likhweru. Kawirikawiri timene timayamba kuwonongeka ndi ta mawu okwerati, ndipo tikafa sitimeranso.

Tsono kumbukirani za m'kalasi la Chichewa zija. Malembo a liwu, a, e, i, o, u, amatuluka mwamphamvu ndipo ali ndi mbali yotsika imene khutu lotere limaigwirabe. Koma s ndi f ndi ofooka komanso okwera. Mphamvu yambiri ya s ili pamwamba pa 4,000 Hz. Ndiye ukanena kuti "fisi", kamtsikana kathu kamangomva ngati "i-i". "Sula" ndi "fula" kwa iko n'chimodzimodzi. Sikuti kali m'dziko la chete ayi, kamamva zidutswa.

Zidutswazo kamazilumikiza bwanji? Choyamba, ndi maso. Tayesani pagalasi: ponena f mano amakhudza mlomo wam'munsi, ponena s sakhudza. Ndipotu tonsefe timamvera maso. Mu 1976, Harry McGurk ndi John MacDonald anaonetsa anthu kanema wa milomo ikunena "ga" pamene mawu ake anali "ba". Ambiri anamva "da"!

Chachiwiri, ndi nkhani yonse. Ukati "Usiku kuthengo kunalira i-i", ubongo umadzaza wokha kuti ndi fisi. Koma zimatheka pokhapokha mwanayo akalidziwa kale liwulo. Apa ndiye pali vuto, chifukwa mwana wamng'ono mawu ake ndi ochepa, ndipo akuwaphunzira ndi khutu lomwelo.

Chachitatu, ndi nthawi. Akatswiri amaika zithunzi patsogolo pa mwana, n'kutchula chimodzi, kamera ikutsatira maso ake. Mwana wa zaka 2 womva bwino amayamba kutembenukira ku chithunzicho liwu lisanathe n'komwe. Ana osamva bwino nthawi zambiri amachedwerapo, ngati akudikira umboni wokwanira. Pakakhala phokoso la wailesi kapena la anzawo, ntchitoyo imakula kwambiri.

N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti khanda liyezedwe makutu lisanathe mwezi umodzi, vuto litsimikizike pofika miyezi 3, thandizo liyambe pofika miyezi 6. Mukaona mng'ono wanu akutuluka mafinya m'khutu, kapena sakutembenuka mukamuitana, auzeni makolo apite naye kuchipatala.

Kwathu tinasintha. Timazimitsa wailesi, timakayang'ana kumaso, sitikuwa, ndipo tikafunsa timadikira kaye. Dzana ndinaona agogo atanjuta patsogolo pake, akunena pang'onopang'ono kuti, "Tenga sopo." Kanawayang'ana pakamwa, kanakhala kaye chete, kenako kanathamangira kubafa.