MPOZA: KAMTENGO KONYOZEKA KODYETSA ZAMOYO ZA M'TCHIRE KU NTCHEU

M'miyezi ya October ndi November, pamene dzuwa la malimwe lauma kolimba ndipo tchire lapsa, kamtengo ka mpoza kamaphuka masamba ndi kuchita maluwa m'chigwa cha Bwanje ndi m'mapazi a mapiri a Kirk Range. Akatswiri a zomera amakatcha Annona senegalensis, dzina limene Persoon anakapatsa m'chaka cha 1806. Kawirikawiri msinkhu wake ndi mamita 2 kufikira 6, ndipo alimi ambiri amakadula posweka mphanje osadziwa ntchito yake.

Duwa la mpoza silikopa maso. Ndi lachikasu mobiriwira, lokhuthala, ndipo limabisala patsinde pa tsamba. Fungo lake limaitana tizikumbu timene timalowamo kukadya, ndipo potuluka timanyamula mungu kunka nawo ku duwa lina. Popanda tizilombo timeneti zipatso zikanakhala zochepa ndithu. Masamba ake ndiwo chakudya cha mbozi za agulugufe ena a mtundu wa Graphium, ndipo mbozizo zimadyetsanso mbalame zimene zikulera ana pa chiyambi cha dzinja.

Zipatso zimapsa m'nyengo ya mvula, nthawi imene nkhokwe zambiri zapepuka. Apusi, anyani ndi mbalame monga apumbwa amadya zimenezi, ndipo zogwa pansi zimatoledwa ndi nyama zoyenda usiku. Nyamazi zimataya nthanga kutali, motero zimadzala mpoza popanda malipiro. Ana obusa ng'ombe nawonso amadziwa kukoma kwake, ndipo khungwa lake limapatsa luzi.

Tsono chiwerengero cha anthu cha 2018 chinapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu, ndipo minda, nkhuni ndi makala zikutha tchire. Chaka chomwecho damu la Mpira, limene limalandira madzi kuchokera ku nkhalango ya Mvai ndi kumwetsa anthu a ku Ntcheu ndi Balaka, linauma. Phiri likavulidwa, madzi amathamanga osalowa pansi, ndipo nyani wosowa zipatso kuthengo amatsikira m'munda wa chimanga.

Ubwino wa mpoza ndi wakuti sufuna nazale. Ukapsa ndi moto kapena kudulidwa, chitsa chimaphukanso, malinga asachizule kapena kuchitentha chaka ndi chaka. Lamulo la Nkhalango la 1997 limalola mafumu kupatula nkhalango za m'midzi, ndipo m'menemo mpoza uyenera kusiyidwa pamodzi ndi masuku ndi mitengo ina yachilengedwe.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December kufikira pa 15 April. Alangizi a zaulimi ndi a zankhalango angachite bwino kukumbutsa alimi kusiya zitsa za mpoza m'malire a minda. Aphunzitsi nawonso atenge ana a sukulu kukaona duwa mu October ndi chipatso mu January, kuti aone okha m'mene chikumbu, mbalame ndi mtengo zimadalirana.