Khofi wa pachiwaya ndi mkangano wa m'kope la ndalama

Sepitembala ndi mwezi wokumbukira ana odwala khansa, mwezi wa timaliboni tagolide. Kumayiko akunja, mabanja ena omwe mwana wawo adadwalapo matendawa amakazinga khofi pakhomo n'kumagulitsa, phindu lake n'kulipereka ku kafukufuku. Kuno kwathu, komwe m'mawa ndi wa tiyi, zoterezi n'zachilendo. Komabe banja lina mumzinda wa Lilongwe layamba kale, ndipo Loweruka lililonse fungo lochokera kuseri kwa nyumba yawo limafika mpaka kumsewu.

Mwana wawo wamwamuna adayamba ndi kudandaula dzino. Mano adayamba kugwedera, tsaya n'kutupa, posakhalitsa diso nalo lidakankhidwira m'mwamba. Achibale ena adaloza kwa asing'anga. Atafika kuchipatala chachikulu, madokotala adapeza kuti ndi khansa ya Burkitt, imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'dziko muno. Imakonda madera a malungo ndipo imayenderana ndi kachilombo ka Epstein-Barr. Chotupa chake chimatha kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri, komanso chimaphwa msanga mankhwala akangoyamba. Mnyamatayo adachira. Lero ali kupulayimale, ndipo Loweruka ntchito yake ndi kumata mapepala pamapaketi, ambiri mopendekeka.

Khofiyo amachokera kumapiri a Phoka ku Rumphi, kwa msuweni wa bambo wa pakhomopo, ndipo amabwera pabasi akadali m'makoko ake oyera. Mayi amayamba wamusinja mosamala mumtondo, n'kupeta palichero mpaka patsale njere zobiriwira zokhazokha. Bambo ndiye mwini mbaula. Safuna malawi, amadikira makala ayake n'kufiira asanatereke chiwaya. Khofi amathiramo wochepa, wongophimba pansi, ndipo kuyambira pamenepo mthiko suima. Njere zimasanduka zachikasu, kenako zofiirira, timankhusu tikuuluka n'kumamatira m'tsitsi ndi m'nsidze.

Pakapita mphindi pafupifupi khumi, m'chiwayamo mumayamba kuthetheka ngati mbuliwuli. Apa wailesi amaitsitsa ndipo macheza amatha, poti bamboyo alibe choyezera kutentha. Amadalira khutu ndi mphuno. Akangochedwa pang'ono kuthetheka kwachiwiri kumayamba, njere zimatuluka mafuta, ndipo chotsatira ndi khofi wowawa wonunkha makala. Akaphula amakhuthulira pamalichero awiri, mayi ndi mwana wawo wamkazi n'kumauluza mothamanga, chifukwa khofi wosiyidwa pamulu amapitiriza kupsa yekha. Pa kilogalamu iliyonse, magalamu pafupifupi 150 amapita ndi nthunzi. Samugulitsa tsiku lomwelo ayi. Amamusiya masiku angapo atulutse mpweya, ndiye n'kupera.

Ogula ndi a kutchalitchi, anzake a bamboyo kuntchito, ndi ena omwe adangoona chithunzi pa WhatsApp. Ambiri amalipira pafoni. Zonse zimalembedwa m'kope la sukulu lomwe amasunga malume a mwanayo, mlongo wake wa mayi. M'kopemo ndi momwe mwagona mkangano: kodi ndalamazi zizipita kuti?

Bamboyo sasunthika, akuti ku kafukufuku. Manambala amawadziwa pamtima. M'mayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse odwala khansa amachira, pomwe m'mayiko ambiri osauka safika ndi 30 omwe, ndipo dziko lapansi lidadziikira cholinga choti pofika 2030 chiwerengerochi chifike pa 60. Mfundo yake ndi yoti mankhwala amphamvu omwe amachiza ana ku Ulaya sangangonyamulidwa n'kudzaperekedwa kuno momwemo. Mwana wonyentchera, wamalungo, wochepa magazi sapirira mlingo umenewo, ndipo amatha kufa ndi mankhwala omwewo khansa isanamuphe. Madokotala a ku Blantyre adatha zaka akuyesa milingo yocheperako ndi masiku ofupikirako kuti apeze ndondomeko yomwe mwana wa kuno angaipirire. Bamboyo amaona kuti mwana wake adachira ndi nzeru zomwe zidapezeka pa ana a eni, ena mwa iwo adatsikira kulichete, ndipo imeneyo ndi ngongole yofunika kubweza.

Mayiyo satsutsa manambalawo. Koma iye ndi amene adagona pansi muwodi, kuphika pamafuwa pamalo a odikirira odwala, kuchapa zofunda za masanzi mbandakucha. Adaona amayi anzake a ku Mchinji, Kasungu ndi Dedza akumanga katundu chotupa chikangophwa, mankhwala asanathe. Sikuti adali osakonda ana awo. Mvula idali itagwa, munda uli thengo, ana ena ali okha kumudzi, ufa watha. Mankhwala m'chipatala cha boma ndi aulere, koma basi si yaulere, ndipo mwana wa khansa amayenera kubwera kangapo pamasiku ake enieni. Ena mwa anawo adabweranso patapita miyezi, chotupa chitayambiranso, tsopano chosamva mankhwala. Funso la mayiyo ndi losavuta: kodi ndalama ya pachiwaya ingagule chiyani mu labotale? Pomwe ndalama yomweyo, akuti, ikhoza kukweza mayi ndi mwana basi, n'kutsalako ya ndiwo.

Amakangana mwaulemu, uyu "bambo" uyo "mayi", mthiko ukuyenda. Malume ali mbali ya mlongo wawo, ngakhale pamaso pa alamu awo amangoti zonse n'zabwino.

Wongomvetsera akhoza kupendekera kwa mayiyo, ndipo kunena zoona mfundo yake ndi yolemera. Kungoti kafukufuku wa kuno si wa makina odula okhaokha. Gawo lina ndi kulondola ana omwe adatuluka m'chipatala, kudziwa amene ali moyo patatha chaka ndi amene kulibe. Pamafunika mayunitsi a foni ya namwino ndi mafuta a njinga yamoto yokafika kumudzi kopanda keyala. Zinthu zoterezi ndalama ya khofi ikhoza kufikapo. Komanso ndi ofufuza omwewo amene adaonetsa kuti mabanja akamathandizidwa ndi ndalama yoyendera ndi chakudya, othawa chithandizo amachepa. Bamboyo amaikonda kwambiri mfundo imeneyi. Mkazi wake amaitembenuza pomwepo: ngati yankho lidapezeka kale, n'kulipiriranjinso funso?

Mpaka pano sanamvane. Chomwe adachita ndi kugawa misika. Zogulitsa kuntchito kwa bambo zimapita ku kafukufuku, za kutchalitchi zimakathandiza odikirira odwala. Malume akuti miyezi ingapo yapitayi mapaketi opita kutchalitchi akuchulukirachulukira, ndipo bamboyo akuchita ngati sakuona.

Vuto lina lomwe sadaliyembekezere ndi ogula. Khofi adafika ku Blantyre mu 1878 ndi amishoni a ku Scotland, ndipo lero amalimidwa ku Misuku, ku Viphya ndi ku Thyolo, koma wambiri amapita kunja. Amalawi ambiri omwe amamwa khofi adazolowera wa m'chitini wongosungunula. Mlungu woyamba anthu angapo adaimba foni kudandaula kuti khofiyo sakusungunuka, akungokhala matsokwe pansi pa kapu. Tsopano papaketi pamalembedwa pamanja kuti athire madzi otentha, adikire mphindi zinayi, asefe ndi kasefa ka tiyi. Ena amawerenga. Agogo ena a kutchalitchi amagulabe paketi mwezi ndi mwezi ngakhale adokotala adawaletsa khofi, ndipo akuti amakapatsa mlonda wa pasukulu.